Thumba la feteleza n'limodzi, koma nthaka ndi zamitundumitundu

LILONGWE – Atsogoleri a maiko a mu Africa atakumana mumzinda wa Abuja ku Nigeria m'mwezi wa June chaka cha 2006, nkhani yomwe inali pakamwa pawo inali ya feteleza. Iwo anagwirizana kuti pofika 2015 alimi azithira makilogalamu 50 a michere ya feteleza pa hekitala, kuchoka pa makilogalamu 8 omwe ankathiridwa panthawiyo. Chaka cha 2015 chinafika n'kudutsa mlingowo usanakwanitsidwe. Atakumananso ku Nairobi m'mwezi wa May 2024, dzina la msonkhano linali litatalika. Tsopano unali msonkhano wa feteleza ndi thanzi la nthaka.

Mawu owonjezerawo ali ndi mbiri yaitali. Anachokera ku kafukufuku wa zaka zoposa 50 wa akatswiri a nthaka, amene akhala akulimbana ndi funso lomwe mlimi wa ku Kasungu, ku Chipata, ku Angónia kapena ku Murewa anadzifunsapo: n'chifukwa chiyani thumba lomwelo la feteleza limadzaza ngolo m'munda wina, pomwe m'munda woyandikana nawo chimanga chimangoti mbuu, osapitirira m'chiuno? Yankho lake likukhudza ndalama zankhaninkhani zomwe maboma amalowetsa m'ndondomeko za feteleza wotsika mtengo, komanso mabanja omwe amagulitsa mbuzi kuti apeze thumba limodzi lokha.

Nthaka yokalamba

Mbali yaikulu ya kum'mwera ndi pakati pa Africa ndi mtunda wokwera womwe ndi wakale zedi. Miyala yake yakhala ikufumbutuka ndi kusukuluka ndi mvula komanso kutentha kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kumpoto kwa Ulaya ndi kwa America zinthu n'zosiyana, chifukwa madzi oundana anapera miyala yatsopano zaka zikwi zochepa zapitazo, kotero dothi la kumeneko likadali ndi michere yambiri yochokera ku miyalayo. Kuno, kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu wambiri anatsukidwa kalekale. Chomwe chinatsala ndi mchenga, dongo la mtundu wa kaolinite, ndi dzimbiri la chitsulo ndi aluminiyamu. Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri lomwelo.

Mtundu wa dongo ndi wofunika chifukwa timibulu ta dongo ndi tomwe timagwira michere kuti isatsike ndi madzi. Dongo la makande, ngati la m'chigwa cha Shire ku Malawi kapena m'zidikha za Kafue ku Zambia, limagwira michere yochuluka. Dongo la kaolinite limagwira yochepa kwambiri, ndipo mchenga ndiye uli ngati dengu lotungira madzi. M'nthaka zoterezi ntchito yogwira michere imatsalira zowolerana, kutanthauza masamba, mizu, mapesi ndi ndowe zomwe zinawola n'kusanduka dothi lakuda. Zowoleranazo zikatha, mphamvu ya nthaka yosunga feteleza ndi chinyezi imapita nazo. Tsoka lake, m'madera otentha zimatha msanga kwambiri munda ukayamba kulimidwa.

Dzimbiri lija lilinso ndi khalidwe lina. Limakola fosiforasi n'kumugwira mwamphamvu moti mizu siitha kumulanda. Mlimi akhoza kuthira feteleza wokulitsa wokwanira, koma gawo lalikulu la fosiforasi n'kutsalira m'dothi osafika ku mbewu m'chaka chimenecho. Ndi chifukwa chake alangizi amati feteleza wokulitsa aziikidwa m'kadzenje pafupi ndi phando, osati kumwazidwa m'munda monse.

Vuto lachitatu ndi asidi. Akatswiri amayeza asidi ndi muyeso wotchedwa pH, pomwe 7 ndi pakatikati ndipo nambala ikamatsika asidi amakhala akuchuluka. Muyeso ukatsika kudutsa 5.5, aluminiyamu amayamba kusungunuka m'madzi a m'nthaka. Iyeyu ndi poizoni ku nsonga za mizu: mizu imafupika, imanenepa, ndipo siitha kutsika pansi kukafuna madzi. Chimanga choterocho chimafota pakangodutsa masiku ochepa opanda mvula, mwini wake n'kumadandaula za chilala pomwe gwero la vuto lili m'dothi. Nthaka za asidi n'zofala kumpoto kwa Zambia komwe mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, kum'mwera kwa Democratic Republic of Congo, ndi m'madera okwera a Malawi, Mozambique ndi Tanzania.

Komabe kunena kuti nthaka yonse ya m'madera otentha ndi yosauka n'kulakwa, ndipo katswiri wobadwira ku Cuba, Pedro Sanchez, anathera zaka zambiri akutsutsa maganizo amenewo. Buku lake la mu 1976 lonena za makhalidwe ndi kasamalidwe ka nthaka za m'madera otentha linaonetsa kuti nthakazi n'zosiyanasiyana monga momwe zilili za kwina kulikonse. Dothi lochokera ku ziphalaphala za mapiri ophulika ku Rungwe ku Tanzania, ku Rwanda ndi ku Kivu ndi lachonde kwabasi. Katondo wa m'chigwa cha Lilongwe ndi wabwino kuposa mchenga wa pa miyala ya granite womwe alimi ambiri ang'onoang'ono a ku Zimbabwe amalimapo, ndipo mchengawo ndi wosiyananso ndi wa Kalahari wa kumadzulo kwa Zambia. Sanchez, yemwe anatsogolera bungwe lofufuza za ulimi wa mitengo la ICRAF kuyambira 1991 mpaka 2001, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2002.

Makolo ankazidziwa bwino nthakazi ngakhale analibe zipangizo zoyezera. Abemba a kumpoto kwa Zambia ankasadza nthambi za mitengo pa malo aakulu, kuziunjika pa kamalo kochepa ndi kuziwotcha, m'njira yotchedwa chitemene. Phulusa linkachepetsa asidi ndi kupereka potaziyamu ndi fosiforasi, mawere n'kubereka. Amambwe ankakwirira udzu m'milu kuti uwole, Amatengo a ku Mbinga ku Tanzania ankalima m'maenje pa malo otsetsereka, ndipo m'madera ambiri a Zimbabwe ndi Zambia alimi amamwaza dothi la pachulu m'minda ya mchenga mpaka lero. Njira ya chitemene inkafuna kuti malo agone zaka 20 kapena kuposerapo mitengo isanasadzidwenso. Anthu atachuluka, kugoneka minda kunatha, ndipo m'madera ambiri munda umodzi wakhala ukudzalidwa chimanga chaka ndi chaka kwa mibadwo iwiri kapena itatu.

Chotuluka chimaposa cholowa

Mu 1990 akatswiri awiri a ku Netherlands, Jetse Stoorvogel ndi Eric Smaling, anawerengetsera m'malo mwa bungwe la FAO michere yolowa ndi yotuluka m'minda ya maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Anapeza kuti m'zaka za 1982 mpaka 1984 hekitala iliyonse inkataya pachaka makilogalamu 22 a nayitirojeni, 2.5 a fosiforasi ndi 15 a potaziyamu kuposa zomwe zinkabwezeredwa. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23, choncho tinganene kuti hekitala iliyonse inkaberedwa thumba lathunthu chaka chilichonse. Malawi, Rwanda, Kenya ndi Ethiopia anali ena mwa maiko otaya kwambiri.

Michereyi imatuluka m'njira zodziwika. Tani imodzi ya chimanga, omwe ndi matumba 20, imachoka m'munda ndi nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 15. Mapesi akawotchedwa, nayitirojeni ndi salufa amapita ndi utsi. Madzi othamanga amakokolola dothi lapamwamba, lomwe ndi lachonde kuposa lonse, ndipo mvula yamphamvu imatsitsira nayitirojeni pansi pomwe mizu siifika.

Ziwerengero za Stoorvogel ndi Smaling zinagwedeza maboma ndi mabungwe othandiza, ndipo ndi zina mwa zomwe zinabala mgwirizano wa ku Abuja. Koma akatswiri ena, monga Ian Scoones ndi Camilla Toulmin, anachenjeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti nambala imodzi ya dziko lonse imabisa zambiri. M'mudzi umodzi muli minda yomwe ikutaya michere ndi ina yomwe ikulandira. Ng'ombe zimadya kudambo ndi m'minda ya anthu onse, koma ndowe zake zimagwera m'khola la mwini ng'ombe. Chenjezo limeneli linali loona, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti kusiyana kumeneku ndiye phata la nkhani.

Chosowa chimodzi chimalamulira zonse

M'zaka za m'ma 1800 akatswiri a ku Germany, Carl Sprengel ndi Justus von Liebig, anafotokoza lamulo lomwe likugwirabe ntchito: mbewu imakula molingana ndi mchere womwe ndi wochepetsetsa, osati womwe ndi wochuluka. Mtsuko ukabooka m'mbali, madzi amalekezera pa chiboo cha m'munsi ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji. Munda wosowa fosiforasi sungapulumuke ndi yureya wowonjezera.

Chimanga chimadziulula chokha. Chikasowa nayitirojeni, masamba a m'munsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati. Chikasowa fosiforasi, timasamba ta chimanga chaching'ono timachita kufiirira kodera. Kusowa kwa potaziyamu kumapserezetsa m'mphepete mwa masamba akale, kwa salufa kumayezula masamba atsopano, ndipo kwa zinki kumalemba mizere yoyera m'masamba a kumtunda.

Mbiri ya feteleza wa ku Malawi ikusonyeza momwe lamuloli limagwirira ntchito. Kwa zaka zambiri feteleza wokulitsa wa chimanga anali 23:21:0+4S. Ziro wa pamalo achitatu ankatanthauza kuti mulibe potaziyamu, popeza nthaka inkaoneka kuti ili naye wokwanira, ndipo 4S anali salufa yemwe anapezeka kuti akusowa m'madera ambiri. Patapita zaka zokolola popanda kubwezera, kuyeza nthaka kunaonetsa kuti potaziyamu ndi zinki nazonso zayamba kuperewera, ndipo cha m'ma 2018 dzikolo linasinthira ku 23:10:5+6S+1Zn. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe alimi amadziwa Compound D, ngakhale kasakanizidwe kake n'kosiyana m'maiko awiriwa. Kusintha kasakanizidwe n'kwabwino, koma feteleza wa mtundu umodzi wa dziko lonse amakhalabe ngati nsapato ya saizi imodzi yogulira banja lonse.

Minda yosamva feteleza

Kafukufuku wina womveka bwino pa nkhaniyi anachitika m'boma la Murewa ku Zimbabwe, motsogoleredwa ndi Shamie Zingore, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007. Akatswiriwo anasankha minda ya pafupi ndi nyumba, yomwe imalandira ndowe, phulusa ndi zinyalala za pakhomo, ndi minda ya kutali yomwe imalimidwa osalandira kanthu. Anachita izi pa katondo komanso pa mchenga, ndipo paliponse anathira makilogalamu 100 a nayitirojeni pa hekitala.

Pa katondo wa pafupi ndi nyumba, nayitirojeniyo pamodzi ndi makilogalamu 30 a fosiforasi zinatulutsa pafupifupi matani 6 a chimanga pa hekitala. Pa mchenga wa kutali panalibe kusintha kooneka m'chaka choyamba ngakhale chachiwiri, kaya athire nayitirojeni, fosiforasi, laimu kapena manyowa. Munda unayamba kudzuka m'chaka chachitatu, ndipo unadzuka pomwe pankathiridwa matani pafupifupi 17 a manyowa a m'khola pa hekitala chaka chilichonse. Manyowa ochuluka chotero amafuna ng'ombe zambiri kuposa zomwe banja wamba lili nazo, osanena za ngolo ndi anthu ozituta.

Minda yotereyi akatswiri amaitcha yosamva feteleza. Kuyesa kwina komwe kunachitika m'minda ya alimi ku Malawi, Tanzania, Kenya, Mali ndi Nigeria, komwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, kunapezanso minda yomwe siinkasintha kwenikweni ndi feteleza wamba, ina mwa iyo n'kusintha atawonjezera manyowa kapena michere ing'onoing'ono. Ku Zambia, akatswiri a zachuma omwe anaunika zokolola za alimi ang'onoang'ono anapeza kuti feteleza wokulitsa sankabweza ndalama zake pa nthaka ya asidi wambiri.

Apa ndi pomwe sayansi ya nthaka ikukumana ndi ndale. Zambia inayamba ndondomeko yake ya feteleza wotsika mtengo mu 2002, Malawi inayamba yake yaikulu mu nyengo ya 2005/06, ndipo maiko ena anatsatira. Ndondomekozi zinachulukitsa chimanga m'zaka za mvula yabwino, ndipo palibe chifukwa chokanira zimenezo. Koma kafukufuku wa m'makomo wakhala akusonyeza kuti chimanga chomwe mlimi wamba amapeza pa kilogalamu iliyonse ya nayitirojeni n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chomwe chimapezeka m'minda yoyeserera ya akatswiri. Zifukwa zina si za nthaka: feteleza kufika mochedwa, kupalira mochedwa, mbewu zobwereza, kaufiti. Koma kaufiti naye amakonda nthaka yoguga, ndipo minda yoguga kwambiri nthawi zambiri imakhala ya mabanja osaukitsitsa, opanda khola, omwe ndi amene ndondomekozi zimati zikufuna kuwathandiza.

Pali kanthu kena kokhudza nthawi komwe kanapezeka kale ku Kenya. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina, H. F. Birch, anaona kuti dothi louma likanyowa ndi mvula yoyamba, tizilombo ta m'nthaka timadzuka n'kutulutsa nayitirojeni wochuluka kwa kanthawi kochepa. Wodzala ndi mvula yoyamba amapindula ndi nayitirojeni waulereyu. Wochedwa, mwina chifukwa anali kuganyu m'munda wa mnzake, amapeza atatsika kale ndi madzi.

Manyowa kapena feteleza?

Kwa zaka zambiri pakhala mkangano pakati pa olimbikitsa feteleza ndi olimbikitsa manyowa, ndipo nthawi zina mkanganowo umamveka ngati wa zipembedzo. Minda yoyeserera ya nthawi yaitali siikuikira kumbuyo mbali iliyonse. Ku Kabete, pafupi ndi Nairobi, kuli munda womwe unayamba kuyesedwa mu 1976, pomwe chimanga ndi nyemba zimalimidwa ndi feteleza yekha, manyowa okha, zonse pamodzi, kapena popanda chilichonse. Patadutsa zaka 18, zowolerana za m'nthaka zinali zitachepa m'magawo onse, koma zinachepa pang'ono pomwe pankathiridwa feteleza ndi manyowa ndi kusiya mapesi m'munda. Kuphatikiza kunaposa feteleza yekha pa zokolola.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Manyowa a ng'ombe zodya udzu wosauka amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100, pomwe yureya ali ndi magawo 46. Kuti manyowa okha adyetse chimanga cha matani 4 pafunika mulu womwe kulibe. Koma manyowa amabweretsa zomwe m'thumba la yureya mulibe: kashiamu, maginiziyamu, zinki, chakudya cha tizilombo ta m'nthaka, ndi mphamvu yosunga madzi. Amachepetsanso ukali wa aluminiyamu. Ndipo feteleza naye amathandiza kupanga manyowa, chifukwa munda wobereka bwino ndi womwe umasiya mapesi ndi mizu yambiri. Choyenera kukumbukira n'chakuti yureya ndi feteleza wina wa amoniya amawonjezera asidi m'nthaka pang'onopang'ono akamathiridwa okha chaka ndi chaka.

Gwero lina la nayitirojeni lili mumpweya womwe timapuma, popeza magawo 78 pa 100 a mpweyawo ndi nayitirojeni. Mbewu za mtundu wa nyemba, monga mtedza, soya, nandolo, khobwe ndi nzama, zimakhala ndi timibulu ku mizu momwe mumakhala mabakiteriya otha kukoka nayitirojeniyo. Mukazula mtedza n'kuswa kambulu kamodzi, kufiira kwa m'kati ndi chizindikiro choti ntchito ikugwirika. Zimbabwe yakhala ikupanga mankhwala a mabakiteriyawa ku Marondera kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo ku Zambia kunatuluka soya wa mtundu wa Magoye yemwe amagwirizana ndi mabakiteriya opezeka kale m'nthaka. Ku Ekwendeni kumpoto kwa Malawi, alimi ndi akatswiri akhala akuyesa kuyambira chaka cha 2000 kudzala nandolo pamodzi ndi mtedza, kenako chimanga chaka chotsatira.

Mitengo nayo inayesedwa mozama. Ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera ku Chipata, Freddie Kwesiga ndi anzake anaonetsa kuti kugoneka munda zaka ziwiri utadzalidwa jelejele kumadzutsa chimanga chotsatira. Ku Makoka, pafupi ndi Zomba, munda womwe unayamba kuyesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 unaonetsa kuti chimanga cholimidwa pakati pa mitengo ya gliricidia, yomwe masamba ake amakwiriridwa m'mizere, chinkabereka kuposa kawiri chimanga chopanda feteleza, ndipo kuwonjezera feteleza pang'ono kunkakweza zokololazo. Msangu ndiye sufuna kuphunzitsidwa kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero sutchinga dzuwa pomwe chimanga chikukula, ndipo pansi pake pamakhala chimanga chobiriwira kuposa pena paliponse.

Njirazi zili ndi malire ake, ndipo ozilimbikitsa sanena kawirikawiri. Banja la theka la hekitala silingagoneke munda zaka ziwiri. Gliricidia amatenga nyengo ziwiri kapena zitatu phindu lake lisanaoneke, ndipo kumusadza kumafuna manja pa nthawi yomwe ntchito ya kumunda yachuluka. Msangu umatenga zaka zambiri. Soya akakololedwa n'kuchotsa ndi masangwi omwe, nayitirojeni wotsala m'munda amakhala wochepa. Choposa zonse, mbewu za mtundu wa nyemba zimakoka nayitirojeni yekha. Fosiforasi mumpweya mulibe, ndipo pa nthaka yosowa fosiforasi timibulu tija sitigwira ntchito bwino. Ameneyu ayenera kuchokera ku miyala, kaya ya ku Morocco komwe kuli nkhokwe yaikulu pa dziko lonse, kaya ya ku Dorowa ku Zimbabwe kapena ku Minjingu ku Tanzania.

Nkhani ya laimu

Anthu ofuna chitsanzo cha nthaka ya asidi yomwe inagonjetsedwa amaloza ku Brazil. Dera la Cerrado, lomwe dothi lake lofiira likufanana ndi la kumpoto kwa Zambia ndi Mozambique, linkaonedwa ngati lopanda ntchito mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900. Akatswiri, makamaka a bungwe la Embrapa lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, anapeza kuti laimu wochuluka, fosiforasi wochuluka ndi michere ing'onoing'ono monga zinki zikhoza kusintha nthakayo, ndipo lero derali ndi limodzi mwa madera otulutsa soya wambiri pa dziko lapansi. Anthu atatu omwe anatsogolera ntchitoyo, Edson Lobato, Alysson Paolinelli ndi Colin McClung, analandira World Food Prize mu 2006.

Sayansi yake ikhoza kuwoloka nyanja, koma zina zonse sizingawoloke mosavuta. Ku Cerrado kunali minda ikuluikulu, ngongole za boma ndi misewu. Laimu ndi wotsika mtengo pa mgodi, ndipo miyala yake ilipo ku Ndola ndi ku Chilanga ku Zambia, ku Balaka ku Malawi ndi m'malo ena ambiri. Chovuta ndi kulemera kwake. Hekitala imodzi imafuna tani imodzi kapena awiri, omwe ndi matumba 20 mpaka 40, ndipo mtengo wa mayendedwe umaposa wa laimuyo asanafike kumudzi. Phindu lake limabwera pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, zomwe sizikopa mlimi wobwereka munda wa chaka chimodzi. Ndipo laimu si wa munda uliwonse. Pa nthaka yopanda asidi wambiri, kapena pa mchenga atathiridwa mopyola muyeso, amatsekereza zinki n'kubweretsa vuto latsopano.

Kuchokera m'nthaka kufika m'mbale

Kafukufuku wa zaka zaposachedwa waonetsa kuti nthaka imalamulira osati kuchuluka kwa chakudya kokha, komanso zomwe zili m'chakudyacho. Mu 2011 Allan Chilimba ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza atayeza dothi ndi chimanga m'madera osiyanasiyana a Malawi. Mchere wa seleniyamu, womwe thupi la munthu limafuna pang'ono kuti chitetezo chake ndi chithokomiro zigwire bwino ntchito, unali wochepa kwambiri m'chimanga cha pa nthaka ya asidi. M'chimanga cha pa makande a m'chigwa cha Shire unali wochuluka mpaka kakhumi. Chimanga chokhacho sichisonyeza chizindikiro chilichonse, chifukwa mbewu siifuna seleniyamu kuti ikule.

Mu 2021 magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa kafukufuku wokulirapo wa ku Malawi ndi Ethiopia, momwe munali akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya LUANAR. Anapeza kuti kwa banja la kumudzi lodya zomwe lalima, dera lomwe likukhala ndi limodzi mwa zinthu zazikulu zolamulira kashiamu, ayironi, zinki ndi seleniyamu yemwe amalowa m'thupi kudzera m'nsima. Dziko la Finland, lomwe nthaka yake ilinso yosowa seleniyamu, linayamba kumusakaniza m'feteleza mu 1984, ndipo mlingo wake m'magazi a anthu unakwera.

Kudziwa munda uliwonse

Pa msonkhano wa ku Nairobi atsogoleri analonjeza kuti pofika 2034 adzachulukitsa katatu feteleza ndi manyowa opangidwa mu Africa momwemuno, adzabwezeretsa chonde pa magawo 30 pa 100 a nthaka yoguga, ndipo alimi ang'onoang'ono 70 pa 100 alionse azidzalandira malangizo ogwirizana ndi mbewu ndi nthaka yawo. Lonjezo lachitatuli ndi lovuta kuposa awiri enawo, chifukwa limafuna kudziwa nthaka ya mamiliyoni a minda ing'onoing'ono.

Zipangizo zapita patsogolo. Makina ounika dothi ndi kuwala amayeza zitsanzo mazana ambiri pa tsiku pa mtengo wotsika. Ethiopia inayamba kujambula mapu a chonde a dziko lonse mu 2012, ndipo mu 2020 bungwe la iSDA linatulutsa mapu a nthaka ya Africa yense, opezeka kwaulere pa intaneti, omwe amagawa malo m'timabokosi ta mamita 30 m'litali ndi m'lifupi. Koma mapuwa ndi kuyerekeza kwa kompyuta kochokera ku zitsanzo zowerengeka ndi zithunzi za m'mlengalenga. Amatha kusonyeza kuti dera lakutilakuti lili ndi asidi, koma sadziwa kuti pakona iyi panali khola zaka 10 zapitazo, kapena kuti munda uwu wakhala ukubwerekedwa kwa anthu osiyanasiyana omwe palibe anathirapo manyowa.

Ndi chifukwa chake akatswiri akugwiritsabe ntchito njira yakale yomwe mlangizi ndi kalabu ya alimi akhoza kuichita okha. Munda umagawidwa m'timagawo tofanana. Kagawo kamodzi kamalandira michere yonse, kena kamamanidwa nayitirojeni yekha, kena fosiforasi, kena potaziyamu, kena kamalandira zonse pamodzi ndi manyowa kapena laimu, ndipo kotsiriza sikalandira chilichonse. Kagawo komwe chimanga chafooka ndi komwe kaulula mchere wosowa. Ngati kolandira zonse kakungofanana ndi kosalandira kanthu, mundawo ndi wosamva feteleza, ndipo thumba la chaka chimenecho lipindula kwambiri likapita ku munda wina, uno n'kuyamba wadzalidwa nandolo kapena khobwe ndi kuthiridwa manyowa omwe angapezeke.